Kutamanda a Chinkhoma a m'Phiri la Michesi

Kunthani ng'oma, anyamata a tchopa, imveke mpaka ku Migowi! Lero tikutamanda a Chinkhoma, eni matanthwe a Michesi.

Ndinu a Pondansonga, oima ndi nsonga za ziboda, miyendo yonse inayi n'kukwana pakamwala kamodzi. Ndinu a Jowajowa: mlenje akamafika wefuwefu pomwe anakuonani, inu muli kale pathanthwe lina, mwamuyang'ana dwii. Ndinu a Safunabulangete, pakuti ubweya wanu wokhakhala, wamphako m'kati, umakutchinjirizani ku chisanu cha mu Juni. Ndinu a Satsikirakudambo, okhuta madzi a m'masamba ndi m'mphukira.

Ndinu a Banjalimodzi, tonde ndi mkazi wake osalekana mpaka imfa. Wina akaweramira msipu, mnzake ali njo pamwala, makutu tcheru. Kambuku akangoti suzu, mmodzi aliza mluzu, winayo apolokeza, phiri lonse ladziwa. Malire anu mumalemba ndi phula lakuda la m'munsi mwa diso, kulipaka pansonga ya kamtengo, wobwera anunkhize abwerere.

Sinthani kamenyedwe, tilonjere odumpha anzawo a kutsidya kwa nyanja, a Kangaroo a ku Australia! Ndinu a Berekerakutsogolo, obadwa ndi mbereko pamimba. Mwana wanu amabadwa wosakwana masentimita 3, wakhungu, wopanda ubweya, n'kukwawa yekha kukalowa m'thumba, kukakamira bere miyezimiyezi. Ndinu a Mchirampando, otsamira mchira poima, odumpha ndi miyendo yam'mbuyo iwiri pamodzi. Dzuwa likaswa mtengo mumagona pamthunzi mukunyambita mikono kuti thupi lizizire, udzu mumadya madzulo ndi usiku, muli chigulu. Inu munapatsidwa chigwa, a Chinkhoma anapatsidwa thanthwe.

Bwererani kwathu, ng'oma! A Chinkhoma, inu munaona akapolo akudutsa pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje mpaka pomwe linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893. Munaona Napolo akugubuduzira miyala ku Phalombe mu 1991. Zonsezo munapirira, koma lero akukutherani ndi khwekhwe la waya, agalu ndi moto wolusa, m'nkhalango yomwe boma linaiteteza.

Iwe wotchera, tamvera ng'omayi! Ukakola chinkhoma mmodzi wapha awiri, poti wotsalayo alibenso womulondera akamadya. Kazule waya wakowo!