Luso la Nkhonya ya Chibwereza

Madzulo ena kuno ku Luwani, kutentha kwa m'chigwa cha Lisungwi kutayamba kuchepa, ndinaima kupenya anyamata awiri akusinthana kumenya thumba la mchenga limene analipachika panthambi ya mango. Ndipo m'mene ndinaona kuti wamkuluyo, akaponya dzanja lamanzere, amalibwezera m'chiuno m'malo molibwezera pachibwano, mtima wanga unathamangira kwa Joe Louis, amene chilema chomwechi chinamgwetsa m'chaka cha 1936. Max Schmeling anachiona, nadzera pomwepo ndi dzanja lamanja kufikira anamgoneka m'ndime ya 12. Koma atakumananso ku New York mu 1938, Louis sanampatse mpata wakuyesa kanthu: anamgwera belu litangolira, ndipo nkhondo inatha m'masekondi 124.

Apa ndipo pagona luso la chibwereza. Wogonja apita kwawo ndi bala, ndipo balalo limlangiza usana ndi usiku. Koma iye amene akhulupirira mumtima mwake kuti anapambana, kuti oweruza okha ndiwo anamlanda chake, abwerera ndi zida zomwe zija, pakuti saona chimene angasinthe.

Ndinena izi ndi chisoni pokumbukira mwana wa kwathu, Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene, ngakhale anali wa gulu la light heavyweight, nkhani yake iphunzitsa ndi zimphona zomwe. Pa 30 Malichi 2013 anaima ndi Tony Bellew ku Liverpool, kwawo kwenikweni kwa mdani wakeyo. Ndime zoyamba anazitaya akuwerenga mnzake. Zapambuyo anazitenga mwaulemerero, akupendeketsa mutu, akuzemba, nkhonya za Bellew zikugwera m'mphepo, iye nabwezera kamodzi pamalo poyenera. Oweruza anati afanana mphamvu, ndipo ambiri, ine ndemwe, tinati Chilemba walandidwa.

Patapita masabata asanu ndi atatu, pa 25 Meyi, anakumananso ku London. Bellew anali atazindikira kuti munthu wozemba sagonjetsedwa ndi nkhonya zakutali, choncho anammamatira pachifuwa, namkankhira kuzingwe, namtsekera malo onse ovinira, kotero kuti ndewu inakhala yosakongola, yakugwirana ndi kukankhana. Koma inali ndewu imene iye anaisankha. Chilemba, monga ndionera ine, anabwera monga analili kale, wodekha, wodikira, ngati kuti chilungamo chimene chinamphonya ku Liverpool chikampeza chokha. Oweruza onse atatu anapatsa Bellew, ndipo ndiye anapita kukalimbirana lamba wa WBC ndi Adonis Stevenson.

Sindinyoza kuzemba, pakuti ndiko kukongola kwa masewera awa, ndipo ndiko kunamsunga Chilemba ndime zonse 12 pamaso pa Sergey Kovalev mu 2016. Koma mlendo womenyera pabwalo la eni sangadikire, popeza oweruza amawerenga nkhonya zimene zafika, si zimene zazembedwa. Ndipo akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Tsono inu anyamata a pansi pa mango paja, mukabwera kuchokera ku ndewu imene mukuti munapambana, funsani mphunzitsi wanu ndime zimene munataya, ndipo dzanja lamanzerelo lizibwerera pachibwano.