Za Makonzedwe a Maphunziro a Mbiri m'Sukulu za Sekondale

Aphunzitsi anzathu ndi akatekisti, tayang'anitsa makonzedwe a maphunziro a mbiri amene ana athu atsata pa Malosa ndi m'sukulu zina za sekondale, ndiwo okonzedwa ndi a Malawi Institute of Education pafupi pompano pa Domasi. Tifuna kuyamika choyenera kuyamikidwa, ndi kunena poyera chimene chitibvuta.

Makonzedwe ache ali otere. M'Fomu 1 ndi 2 mwana ayamba ndi funso lakuti mbiri nchiyani, ndi kumene ichokera; napitirira ku Egypt, ku maufumu akale monga wa Mali, kufikira ufumu wa Amaravi ndi malonda a akapolo. M'Fomu 3 ndi 4 nkhani zigawika pawiri: za pakati pa Africa, monga kufika kwa Ayao ndi Angoni, amishoni, ndi ulamuliro wa Angerezi kufikira ufulu wa 1964, ndi za dziko lonse lapansi, monga nkhondo zazikulu ziwiri zija. Kuyamba ndi zakale ndi kutsiriza ndi zatsopano tikubvomereza, pakuti womanga nyumba sayamba ndi denga.

Koma chotibvuta choyamba ndi ichi, kuti zigawo ziwirizo ziikidwa monga m'madengu awiri, ndipo mwana ayesa kuti sizikhudzana. Aphunzira za nkhondo ya 1914 monga nkhani ya ku Europe yokha, ndi za John Chilembwe monga nkhani ya ku Chiradzulu yokha. Koma nkhondoyo inafika ku Karonga mu September 1914; mu November Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu a dziko lino alikufera nkhondo yosakhala yao; ndipo pa 23 January 1915 anthu ache anauka. Kodi izi si nkhani imodzi? Mwana wozisiyanitsa adziwa masiku, koma chifukwa chache sachidziwa.

Chachiwiri, makonzedwe olembera dziko lonse sakhoza kutchula mudzi uli wonse, ndipo chotsatira chache nchakuti za pakhomo zitsala. Mwana wa m'chigwa chino akhoza kuwerenga mau a pangano la ku Versailles la 1919, osadziwa kuti mishoni ya Domasi inayamba mu 1884 m'dziko la Malemia, kapena kuti Kawinga wa ku Chikala anagonjetsedwa ndi asilikari a Johnston mu 1895. Apita ku Zomba, kumene kunali likulu la boma kufikira 1975, naona chipilala cha asilikari a King's African Rifles, osaganiza za amtengatenga a m'midzi yathu amene anasenza akatundu a nkhondo, ambiri osabwerako.

Chachitatu chili m'mau enieniwo. Pa chinenero chathu "mbiri" ndi chinthu chomveka, chonenedwa ndi anthu. Tinena kuti mbiri yache yamveka, kapena yabuka. Koma mbiri yoloweza pamtima m'Chingerezi chifukwa cha mayeso siibuka konse. Ifa tsiku lomwelo mayeso atatha.

Tsono tichitenji? Makonzedwewo tiwatsate, pakuti mayeso achokera m'menemo, ndipo sitifuna kugwetsa ana. Koma pophunzitsa za kutali, mphunzitsi afunse nthawi zonse: chaka chimenecho kuno kwathu kunachitika chiyani? Atume ana kwa agogo ao akafunse kumene pfuko lao linachokera, nalembe zimene amva, naziyese ndi zolembedwa m'buku, pakuti nkhalamba nayo ikhoza kuiwala kapena kukometsa. Inunso akatekisti, muyenda m'midzi koposa ife. Tithandizeni kupeza okalamba odziwa zakale asanatisiye. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera mwa iye yekha amene anawamva.