Msuzi wobisika m'kathumba

Tsiku lomwe ndinatsika basi ku Lusaka, msuweni wanga ananditengera ku lesitilanti ina ya Atchaina. Ndinali nditachoka ku Chipata m'bandakucha, ulendo wa makilomita oposa 550, m'mimba muli kansomba kamodzi ka pa Luangwa Bridge. Iye anaitanitsa xiaolongbao, ine n'kungoti zikomo ngati ndikudziwa.

Kunabwera kadengu ka nsungwi kakufuka nthunzi, m'kati muli timatumba sikisi ta ufa wa tirigu, tomangidwa pamwamba ngati kampukutu ka fodya wa agogo. Dzinalo limanena za kadengu kameneka, ndipo kwawo kodziwika ndi ku Nanxiang, m'mbali mwa Shanghai, kumene anatchuka nato m'zaka za m'ma 1800.

Koyamba ndinakaponya konse m'kamwa. Musadzayerekeze, anzanga. Lilime linapsa, misozi mbwee, msuweni akufa nako kuseka. Mtsikana woperekera zakudya ndiye anandimvera chisoni: “Achimwene, kaikeni pasupuni, mukaboole pang'ono ndi mano, mumwe msuzi kaye.” Kenako umakaviika mu viniga wakuda wothira jinja.

Nanga msuziwo umalowa bwanji m'kathumba kotseka? Apa ndipo ndinawagomera. Amawiritsa chikopa cha nkhumba ndi mafupa kwa maola ambiri, msuziwo n'kuusiya uzizire mpaka ugwirane. Akatero amaudula tizidutswa, n'kusakaniza ndi nyama yogaya asanamange. Nthunzi ikafika, umasungunukira m'katimo. Aliyense amene anavundukulapo poto wa vimbombo m'mawa wa mu June, anzathu a ku Mchinji amati mang'ina, anauona msuzi wogwirana chonchi. Ife timangoutenthetsa, iwo anaupezera nyumba.

Msuziwo unali wabwino zedi, wonona koma wosakola pakhosi. Mtanda ndiwo unandikhumudwitsa. Uyenera kukhala wopyapyala, msuzi n'kumaonekera ukugwedezeka, koma uwu unali wochindikala, pamfundo pamwambapo n'kumamveka ufa wosapsa. Awiri mwa sikisiwo anabwera atabooka pansi, msuzi utatayikira m'dengu, ndipo xiaolongbao yopanda msuzi ndi chitumbuwa chonyowa basi. Lesitilanti yotchuka ya Din Tai Fung ya ku Taipei imapinda kathumba kalikonse ka 18. Ine ndinawerenga anga, sanafike n'komwe pa 12. Ndalama yake mukanadya nayo nsima ya nkhuku pa Kapata anthu atatu, n'kutsalako ya njinga.

Chimene chandikhala pamtima si mtandawo ayi. Ndinafunsa mtsikana uja ngati amatikonda timatumbati. Anaseka, n'kundiuza kuti wakhala akutinyamula chaka chathunthu koma sanalaweko. Njira yodyera anaiphunzira poonerera makasitomala. Atchaina takhala nawo kuyambira pomwe ankamanga njanji ya TAZARA, 1970 mpaka 1975. Mafoni awo ali m'matumba mwathu, njinga zawo zamoto zadzaza msewu wa ku Mwami, koma za miphika yawo sitidziwa kanthu. Nawonso ndikukayika ngati anaonererapo mayi akutakasa chikanda mpaka chigwirane.

Nditabwerera kwathu ndinawafotokozera amayi zonsezi, manja ali m'mwamba kusonyeza kapindidwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ndinakhuta. Ndinawauza zoona: usiku womwewo msuweni anateleka nsima.