Amisiri Olemba Mapulogalamu a Kompyuta

Ambiri amaganiza kuti wolemba mapulogalamu a kompyuta ndi munthu wongogogoda mabatani mwaliwiro usiku wonse, kapena wokonza foni ikafa. Ena amamuyesa wakuba zinsinsi za anthu pa intaneti. Komatu ntchito yake yaikulu ndi kuganiza, ndipo nthawi yambiri imathera pa kuwerenga zimene anzake analemba ndi kusakasaka pamene palakwika. Kachizindikiro kamodzi kokha kakasowa, pulogalamu yonse imatha kukana kugwira ntchito.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri amisiriwa ndi luso lawo lokonzekeratu tsoka lisanagwe. Pa 20 July 1969, chombo cha Apollo 11 chikutsikira pamwezi, kompyuta yake inachulukidwa ntchito n'kuyamba kuchenjeza ndi manambala 1202 ndi 1201. Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anali m'chombomo, mitima ili m'mwamba. Koma gulu la ku sukulu ya ukachenjede ya MIT, lomwe Margaret Hamilton anali mmodzi mwa atsogoleri ake, linali litalemba pulogalamu ya kompyutayo mwanzeru: zinthu zikathina, kompyuta iyambirenso, isiye ntchito zosafunika kwenikweni, igwire zokhazo zothandiza kutera. Inachitadi zimenezo, ndipo chombo chinatera bwinobwino.

Mapulogalamuwo sankasungidwa monga masiku ano. Amayi a kufakitale ya Raytheon ankachita kuwaluka ndi manja, kulowetsa waya m'timphete tating'onoting'ono ta maginito. Waya wodutsa m'kati mwa kamphete ankaimira 1, wolambalala ankaimira 0. Pulogalamu ikalukidwa, kuisintha kunali kovuta zedi, choncho olemba ankaiyesa kambirimbiri asanaitumize kwa amayi olukawo.