Wogula Zotchipa Naye Amafuna Ulemu

Munthu aliyense wokhala ku Toronto amazidziwa golosale za No Frills. Yoyamba inatsegulidwa mu 1978 ku East York, ndipo mwini wake ndi kampani ya Loblaw, yomwe likulu lake lili ku Brampton. Mkatimo mulibe zokongoletsa. Katundu wambiri amakhala m'makatoni momwe wabweramo, ndipo wogula amalongedza yekha zimene wagula. Kumeneko n'kumene amapita mayi amene lendi yamudyera theka la malipiro, mwana wa ku koleji, ndiponso mlendo amene wangofika kumene kuchokera ku Manila, Lagos kapena Lilongwe.

Wotsatsa malonda waulesi akanangolemba kuti mitengo yatsika n'kuponya pa Facebook. Komatu anthu amenewa za mitengo sauzidwa. Mtengo wa mpunga ndi mafuta ophikira ali nawo pamtima kuposa wolembayo.

A john st., kampani yotsatsa malonda ya mu Toronto momwemo, anayang'ana pena. Anazindikira kuti wogula zotchipa nthawi zambiri amayenda ndi kamanyazi, ngati munthu amene wavala malaya okongola a pakaunjika koma akupemphera kuti wina asamufunse kumene anawagula. Mu 2018 anatulutsa kanema pa intaneti ndi pa TV, ndipo ogula a No Frills anawapatsa dzina lonyadira lakuti Haulers. M'kanemayo anthu wamba akukankha trolley ndi kutola katundu ngati akatswiri a m'mafilimu omenyana, nyimbo ikugunda mwamphamvu. Palibe amene akuoneka wosauka kapena womvetsa chisoni. Aliyense akuoneka wochenjera, munthu wodziwa kumene ndalama yake ikupita.

Chimene chimandigwira mtima ndi kudziletsa kwa olembawo. Sanamunyengerere wogula, sanamulalikirenso za ubwino wosunga ndalama. Anangomuonetsa mmene iye mwini amadzionera akatuluka m'golosale trolley itadzaza, chenji chili m'thumba. Kuti munthu alembe choncho ayenera kuti anaimapo pamzere wa m'golosale yotere, kapena anamvetsera kwa nthawi yaitali amene amaimapo.

Anadziwanso kumene achinyamata amachezera. Anagulitsa matisheti olembedwa dzina lonyadira lija, anthu n'kumavala chizindikiro cha golosale yotchipa mumsewu mosabisa. Mu 2019 anatulutsa masewera a pa foni otchedwa Aisles of Glory, ndipo mu 2020 chimbale cha nyimbo za hip hop, Haulin' State of Mind, pa Spotify.

Luso lomweli limaonekanso pa No Name, katundu wa Loblaw yemwe anayamba mu 1978 pansi pa Dave Nichol, m'mapaketi achikasu a zilembo zakuda omwe anajambula Don Watt. Zotsatsa zake za pa Twitter mu 2019 zinalibe phokoso ngakhale pang'ono. Zinkangotchula chinthu dzina lake, mawu ochepa chabe, basi. Wogula No Name ndi munthu wotopa ndi kukokomeza kwa amalonda, choncho otsatsawo anamulankhula motsitsa mawu. Pa No Frills anaimba ng'oma, pa No Name ananong'ona, chonsecho katundu wachikasuyo ali pamashelefu a golosale yomweyo, ndipo kawirikawiri amene akumunyamula ndi munthu mmodzimodziyo.