Msewu Wabwino Umayamba ndi Mthunzi ndi Ngalande

Anthu ambiri akamva za luso lokonza malo m'tauni amaganiza za kapinga wometedwa bwino ndi maluwa a pa raundabauti. Koma lusoli limayesedwa pa miyezi iwiri: Okutobala, dzuwa likamang'amba nthaka, ndi Januwale, mvula ikamagwa usana ndi usiku. Malo amene amapatsa munthu mthunzi mu Okutobala n'kupatsa madzi njira mu Januwale ndiwo akonzedwa ndi mmisiri weniweni. Muyeso umenewu ukufunika msanga ku Mchinji, kwa Mlonyeni ndi madera ena a m'malire, kumene mashopu akumera mofulumira kuposa mitengo.

Tiyambe ndi msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka ku Mwami. Njanji yopita ku Chipata inatsegulidwa mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chatsopano cha m'malire. Zonsezi zinakonzedwa poganizira katundu ndi mathiraki. Koma imani m'mbali mwa phula masana: wakabaza wanyamula matumba a mtedza, mayi wayala mbatata pachiguduli atadziphimba kumutu ndi chitenje, ana asukulu akupatukira m'fumbi thiraki ikamadutsa. Amenewa ndiwo eni msewu, ndipo mmisiri ayenera kuwajambulira malo awo: phula pakati, kenako ngalande, kenako mzere wa mitengo, kuseri kwake njira ya apansi ndi njinga. Kusankha mtengo nakonso ndi luso. M'bawa umakula mowongoka ndipo nthambi zake zimayambira m'mwamba, choncho sutchinga maso a dalaivala. Nsangu umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, nthawi imene mthunzi ukusowa. Mkuyu uli ndi mizu yotukula simenti. Malo ake ndi pakati pa msika, kutali ndi ngalande.

Madzi a m'ngalandezo amathera kudambo, ndipo kumeneko ndi kumene luso limaonekera kwambiri. Mtsinje wa Bua umayambira m'boma lomwe lino la Mchinji, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Madambo ake amamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Lilongwe yatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Amene anakonza likulu, lomwe linasamukira kumeneko mu 1975, anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo mpaka lero ndi malo ozizira bwino mumzindamo. Kumtunda kwa mtsinje womwewo, kumene nyumba zinafika m'khonde mwa madzi, kusefukira kwa mu Febuluwale 2017 kunagwetsa nyumba za anthu ku Mtandire. Mtsinje unali umodzi, koma chosiyana chinali malo amene anthu anausiyira. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amagawa gombe patatu. Pafupi ndi madzi amasiya bango, nsungwi ndi katope kuti mizu igwire dothi. Pakati amaika zinthu zosaopa kumira: bwalo la mpira, tinjira, mizere ya vetiva. Nyumba amazikankhira kumtunda. Sayiwalanso miyala yochapirapo ndi potsikira ng'ombe, chifukwa gombe lothamangitsa amene amaligwiritsa ntchito silikhalitsa.

Ena anganene kuti boma losowa mankhwala m'zipatala silingataye ndalama pa mitengo. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma mbande ndi zikhomo zolembera malire n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kukonza zolakwika. Mzinda wa Seoul unachita kugwetsa msewu wam'mwamba pakati pa 2003 ndi 2005 kuti uvundukule mtsinje wa Cheonggyecheon umene unaukwirira wokha. Ku Lilongwe, mitengo ikuluikulu ya mumsewu wa Kenyatta inagwetsedwa mu 2021 pokulitsa msewu, anthu n'kudandaula zitachitika kale. Mchinji ikadali ndi mwayi wosiyiratu malo okwanira msewu ndi mitengo yomwe. Ena angati nanga madimba, omwe amadyetsa mabanja ndi tomato ndi chimanga chachiwisi? Madimba akhale, ndipo malo awo ndi m'chigawo chapakati chija; chofunika n'chakuti khasu lisafike pamlomo pa mtsinje. Mlimi wa dimba ndiye mlonda wabwino wa gombe, pakuti dothi likakokoloka woyamba kulira ndi iyeyo. Palinso oopa kuti zitsamba zimabisa akuba. Yankho lake ndi kudulira nthambi zam'munsi ndi kudutsitsa tinjira momwe anthu amayenda kale, kuti maso akhale ambiri.

Luso limeneli si lachilendo kwathu. Makolo posankha bwalo la milandu ankayang'ana kachere kapena mkuyu, ndipo mudzi ankaumanga pamtunda, dambo n'kulisiyira msipu ndi zitsime. Mafumu, amene amagawa malo, ndi khonsolo, imene imavomereza mapulani, angathe kubwezeretsa nzeru imeneyi lero maploti asanathe. M'bawa wodzalidwa chaka chino udzatenga zaka zambiri kuti uphimbe msewu, koma mwana amene akupatukira m'fumbi leroyu adzagulitsa malonda ake pansi pake.