Za Mwana wa Msodzi ndi Mwana wa Mphunzitsi

Pali cinthu cimene candibvuta mumtima masiku ambiri, ndico ici: malamulo othangata mabanja m'dziko lathu, angakhale ali okoma, aoneka monga copfunda cimene anaciyesa pa thupi la munthu wa malipiro a pamwezi yekha.

Taonani lamulo la nchito la caka ca 2000. Lipatsa mkazi wolembedwa nchito masabata 8 akupumula pakubala mwana, malipiro ace osadulidwa. Ndipo m'caka ca 2021 anaonjezapo masabata 2 a atate. Nzabwino ndithu. Koma mai woyanika usipa pathandala ku Msaka kapena ku Makanjira, amene mwamuna wace ali ku Johannesburg, adzampumitsa ndani? Atangoona mphamvu pang'ono abereka khanda kumbuyo, nabwerera kugombe, pakuti nsomba zikagona zaola.

Kapena wina adzati, Nanga Mtukula Pakhomo? Indedi, ndalama zimenezi, zoyambira ku Mchinji m'caka ca 2006, zinafika kuno ku Mangochi, ndipo agogo olera ana amasiye apeza nazo sopo ndi makope. Sindizinyoza ai. Koma poyamba pace anaika muyeso wakuti mwa nyumba 10 isankhidwe imodzi, yosaukitsitsa, yopanda munthu wokhoza kugwira nchito. Potero munthu wopalasa bwato la mwini wace, wokhala nao manja koma wopanda khoka, anatsala kunja pamodzi ndi ana ace.

Ndipo mwana wa iyeyu akajomba, tifulumira kumtsutsa. Titi, Sukulu inakhala yaulere m'caka ca 1994, adzawiringula ciani? Mafumu ena amlipitsa nkhuku kapena mbuzi. Ine mwini ndinaona mnyamata alikuodzera m'kalasi, atacezera usiku wonse pacilimira. Ndinamkalipira pamaso pa anzace, ndipo kufikira lero ndicita nazo manyazi, pakuti ufa umene anadya alongo ace tsiku lija anaugula iye ndi tulo tace. Usiku womwewo mwana wanga anawerenga panyali, nagona cigonere kufikira m'mawa. Kodi ndiposa atate wa mnyamata uja cikondi? Iai, ndiwaposa malipiro okha.

Cifukwa cace ndipempha akulu a mpingo ndi a komiti ya sukulu, kuti asanaitane kholo lotere kubwalo, ayambe afika pakhomo pace madzulo, pamene mabwato alikunyamuka, naone amene watsala kuphikira ang'ono.